Makina anaona madontho awiri, ine ndinati chotsani onse

Sichinali chotupa

Tonse tinauzidwa kuti khansa ya m'mabere imayamba ndi kachotupa kolimba koti ukagwira umakamva. Changa sichinali choncho. Bere la kumanzere linangolimba mbali imodzi, chakumtunda kuloza kukhwapa uku, ndipo ndikakweza mkono pagalasi khungu limalowa mkati pang'ono, kadzenje koti wina sangakaone. Kupweteka ayi. Ndinali ndi zaka 47, nde kalata ija ya NHS, bungwe la zaumoyo la boma, yoitanira azimayi kokajambulitsa mabere inali isanandipeze, kuno ku England amayamba kukuitana ukafika zaka 50.

Za kwa GP, dokotala wa m'dera amene umayambira kumuona, ndi ku kiliniki ndingodutsa, amene muli kuno mukudziwa mmene zimakhalira, tsiku limodzi lomwelo kukugwiragwira, mammogram (X-ray ya mabere), sikani ya ultrasound, kenako singano yotengera kanyama kokayeza. Mammogram sinaonetse chogwirika. Anati mabere anga ndi othinana mkati, minofu yambiri mafuta ochepa, nde pachithunzi chonse chimaoneka choyera, pomwe khansa nayonso imaoneka yoyera. Ultrasound inapeza kanthu ka masentimita 2. Koma dzanja la adokotala limamva dera lalikulu kuposa pamenepo, ndipo anabwereza kugwira nkhope itasintha.

Zotsatira zitabwera anati ndi khansa ya mtundu wa lobular. Azimayi ambiri khansa yawo imayambira m'timachubu todutsa mkaka ndipo imaunjikana pamodzi n'kupanga chibuluma. Yanga imayambira m'timatumba topanga mkakawo, ndipo maselo ake sagwirana, amangoyenda pamzere mmodzimmodzi kulowerera m'minofu yabwinobwino, ngati mizu ya kapinga, pamwamba ukuona kochepa koma pansi yafika kale uko. Pa anthu 100 odwala khansa ya m'mabere, a mtundu umenewu amakhala 10 mpaka 15. Ndiye anati asanandipatse tsiku la opaleshoni ndikalowe kaye mu MRI, makina aakulu ojambula mkati mwa thupi.

M'makinamo

Ine ndimaganiza kuti ndikagona chagada n'kumayang'ana kumwamba. Ayi, ya mabere umagona chafufumimba. Pabedi pali mabowo awiri, mabere amalendewera mmenemo, nkhope umaika pakhushoni yobowoka pakati, chifupa cha pachifuwa ichi n'chimene chimasenza thupi lonse ndipo pakapita nthawi chimayamba kuwawa. Asanandilowetse anandifunsa mobwerezabwereza za zitsulo, kaya ndili ndi kachipangizo ka mtima, kaya ndinaikidwapo chitsulo m'thupi, ndolo, mapini a m'tsitsi, zonse pansi, chifukwa chinthucho ndi maginito amphamvu, mulibe X-ray olo pang'ono. Anafunsanso za impso, poti mankhwala amene amakuthira mumtsempha, a gadolinium, amatuluka kudzera mu mkodzo.

Anandiika kasingano pamkono, mahedifoni kukhutu, ndi kampira m'dzanja koti ndikafinya aimitse. Kenako phokoso. Gu gu gu gu, khwa khwa khwa, kusiya, kuyambanso mwina. Chapakati mawu anamveka m'mahedifoni kuti tsopano tikuthira mankhwala musagwedezeke, ndinamva kuzizira kukukwera mkono, m'kamwa mukumveka chitsulo. Zonse zinatenga mphindi 30 kapena 40. Ndinapemphera pemphero la Ambuye mumtima, kulimaliza, kuliyambanso, mphuno ikuyabwa koma osakanda.

Potuluka mtima unali m'malo. Ndimati basi, makina aakulu andiona, tsopano zonse zidziwika ndipo tipita kutsogolo.

Chipinda chija

Tinapita awiri ndi bambo a kunyumba kukamva. Adokotala a opaleshoni anali mzimayi wachikulire ndithu, wosathamanga poyankhula, ndipo pambali panakhala anesi aja amene amakupatsa kuti azikuyendetsa pa matendawa. Anatembenuza kompyuta kuti tione. Mabere anga awiri, otuwa, ndipo kumanzere kunali powala mbee, osati kanthu ka masentimita 2 kaja koma chinthu chotambalala chopanda malire enieni, anati chikuyandikira masentimita 4. Chakunsi kwake, motalikirana pang'ono, panali kadontho kena. Ndisanameze zimenezo anasuntha cholembera kupita ku bere la kumanja, lomwe sindinalidandaulepo chibadwire, nati apanso pali kena.

Thupi lonse linachita tsemwe. Mawu anangotuluka okha, ndinati adokotala chotsani onse awiri, sindikufuna kumva zambiri, chotsani mawa lomwe ngati n'kotheka. Bambo anandigwira bondo nati mayi, tadikirani kaye timve. Ndinawayankha kuti bambo, ana athu akufuna mayi wamoyo, mabere anayamwa kale. Ndipo ndimanena zochokera pansi pa mtima, mpaka pano ndikakumbukira ndimamumvetsa mzimayi amene anayankhula mawu amenewo.

Adokotala sanandidule. Anadikira nditamaliza, kenako anabweza kompyuta ija kuti iyang'ane kwa iwo, mwina anaona kuti maso anga sakuchoka pa timadonthoto. Anati makinawa aonetsa pamene mankhwala aja athamangira, sananene kuti pamenepo pali khansa. Anafotokoza kuti khansa imapanga timitsempha take tamagazi tatsopano tothonya, nde mankhwala akalowa m'magazi amafika msanga pamenepo n'kuwala. Koma palinso zinthu zina zosaopsa zimene zimawala chimodzimodzi, totupa tabwinobwino timene azimayi ambiri ali nato osadziwa, tianabere ting'onoting'ono, ngakhale minofu wamba malingana ndi pamene uli pa masiku ako a mwezi. Kenako ananena mawu amene sanandichoke mpaka lero. Anati, "Sindingakuchotseni bere chifukwa cha chithunzi. Chimene chili pa kadonthoko atiuza ndi a ku labu, singano ikatenga kanyama."

Ndinalimbikirabe. Ndinati nanga la kumanjalo likadzadwala mtsogolo? Anandifunsa za kumtundu kwathu, ngati amayi, azakhali, achemwali kapena agogo anadwalapo khansa ya m'mabere kapena ya thumba la mazira. Palibe amene ndimamudziwa. Ndiye anati kwa mzimayi amene alibe vuto la kumtundu lija amati BRCA, kuchotsa bere labwinobwino sikuwonjezera masiku a moyo, kumangowonjezera bala, nthawi yochira, ndi mavuto amene angabwere pa opaleshoni yaikulu. Anati thupi ndi langa ndipo tidzakambirananso, koma tikambirane tikudziwa chimene chilipo.

Anesi anandipatsa tishu ndi kapu ya madzi. Tsiku la opaleshoni limene ndimayembekezera kutuluka nalo sanandipatse. Anandipatsa tsiku la sikani ina.

Kudikira

Apa m'pamene anthu sanena akamayamikira MRI. Ikaona kanthu, kanthuko kayenera kutsatidwa, ndipo kutsatako kumadya masabata. Choyamba anandibwezera ku ultrasound kuti akafufuze malo enieniwo tsopano akudziwa poyang'ana. Ka kumanja anakapeza, singano pompo. Ka kumanzere kakang'ono kaja sikamaoneka pa ultrasound, nde kanafunika kubayidwa ndili mu MRI momwemo, ndipo si chipatala chilichonse chimapanga zimenezo, ananditumiza ku mzinda wina. Ukagona chafufumimba kachiwiri, bere atalipana pakati pa timapulasitiki tamabowo, kukulowetsa, kukutulutsa, kubaya dzanzi, kulowetsa singano yokoka kanyama, kukulowetsanso kuti aone ngati alasa penipeni. Pomaliza amasiyamo kachitsulo kakang'ono kwambiri kosonyeza malowo. Bere linachita bii kwa nthawi ndithu.

Nthawi yonseyi ndikugwirabe mashifiti a usiku, kutembenuza agogo a eni ake, kuwasintha, kulemba malipoti, mutu uli kwina. Chimene chimandidya chinali choti khansa yotsimikizika ili m'thupi ndipo ife tikuthamangitsa madontho. Ndinaimbira anesi aja ndikulira. Anati mtundu wa khansa yanga, imene imadya mahomoni, kawirikawiri imakula pang'onopang'ono ndipo masabata ochepa sasintha zinthu, koma kulowa mu fiyeta osadziwa kukula kwa chimene ukukachotsa n'kumene kumabwezera anthu kawiri. Ndinamva, koma tulo sitinabwere chifukwa cha kumvako.

Ka kumanja kanatuluka kuti ndi fibroadenoma, kachotupa kosaopsa, mwina kanakhalamo kuyambira ndili mtsikana. Ka kumanzere kanali khansa, mtundu womwewo.

Makina amodzi omwewo, tsiku limodzi lomwelo, anaona zoona kumanzere zimene mammogram ndi ultrasound zinaphonya, ndipo kumanja anandiopseza ndi chinthu chopanda vuto mpaka ndinapempha ndekha kuti bere labwino lichoke.

Zimene ndinapeza nditayamba kufufuza

Usiku pa buleki ndinayamba kuwerenga pafoni, poti ndimafuna kumvetsa chifukwa chake MRI sapatsa aliyense ngati imaona bwino chonchi. Ndinapeza kuti bungwe la NICE, limene limalemba ndondomeko za chithandizo kuno, limanena mosabisa kuti asamangojambula MRI mzimayi aliyense asanapite ku opaleshoni. Amati aipereke ngati dzanja la dokotala, mammogram ndi ultrasound sizikugwirizana pa kukula kwa khansa, ngati mabere ndi othinana moti mammogram ikulephera, komanso ngati ndi lobular ndipo akufuna kusunga bere. Ine zonse zitatu zinandigwera. Palinso nthawi zina imene imathandiza, monga kuona ngati kemo, mankhwala amphamvu opha khansa, yoperekedwa opaleshoni isanachitike yaphwetsa chotupa, kapena khansa ikapezeka mu mwanabere wa kukhwapa koma m'bere osaoneka pamene yachokera.

Chimene chinandidabwitsa ndi kafukufuku wa COMICE, wa konkuno ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Anatenga azimayi 1,623 amene amayembekezera kuchotsedwa chotupa chokha, theka anawajambula MRI theka ayi. Aliyense amayembekezera kuti ojambulidwawo ochepa ndi amene abwerere ku fiyeta. Koma mbali zonse ziwiri anabwerera azimayi 19 pa 100 alionse. Chimene chinasiyana n'chakuti kwa ojambulidwa, 7 pa 100 anachotsedwa bere lonse pa opaleshoni yoyamba, pomwe kwa enawo anali 1 pa 100, ndipo ena mwa maberewo atawayeza ku labu zinapezeka kuti sanafunike kuchoka. Pamene ndinawerenga zimenezi ndinaika foni pansi kaye, chifukwa azimayi amenewo ndimawadziwa mumtima, anakhala pampando ngati womwe ndinakhala ine.

Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2007 anajambula bere linalo la azimayi 969 amene anali atangopezeka ndi khansa mbali imodzi. MRI inapeza khansa yobisika mwa 30, imene mammogram ndi dzanja zinali zitaphonya. Si nkhani yaing'ono kwa anthu 30 amenewo. Koma kuti apezeke, anabaya azimayi 121, kutanthauza kuti pa anayi alionse obayidwa atatu anali ngati ine ndi bere langa la kumanja.

Nanga timadontho ta khansa yeniyeni timene MRI imapeza, bwanji kutipeza sikuchepetsa kubwerera kwa matenda mmene munthu angaganizire? Apa zinanditengera nthawi kuti ndimvetse. Kalekale m'ma 1970, Bernard Fisher ku America ndi Umberto Veronesi ku Milan anayamba kuyerekeza azimayi ochotsedwa bere lonse ndi ochotsedwa mbali yokha kenako n'kuwotchedwa ndi radiotherapy. Patatha zaka 20, mu 2002, zinaoneka kuti magulu onse awiri amakhala ndi moyo mofanana. M'ma 1970 muja MRI ya mabere kunalibe. Timadontho tobisika tinalimo m'mabere a ambiri mwa azimayiwo, palibe anationa, koma radiotherapy ndi mankhwala zimatipha tambiri mwa ito. Nde lero makina akationetsa, dokotala ndi wodwala onse manja amayabwa kuti adule zambiri, pomwe kwa azimayi ena chithandizo chotsatira chikanathana nato kale.

Maganizo anga ndi awa. Kwa ine MRI inali yoyenera ndipo ndimathokoza kuti ndinalowamo, chifukwa akanapita kukachotsa masentimita 2 akanasiya khansa m'mbali ndipo ndikanabwerera. Koma chimene chinasunga bere langa la kumanja ndi adokotala aja kukana kudula asanabaye. Popanda singano yotsimikizira, chithunzi chija chikanandipweteka kuposa kundithandiza.

Ndikunena izi chifukwanso pakati pathu pano pali kamtima kena. Mayi wina wa kutchalitchi anapezeka ndi khansa ya mtundu wofala uja, chotupa chooneka bwinobwino pa mammogram, ndipo sanamupatse MRI. Anabwera kwa ine atakwiya, amati akumuchepetsa chifukwa ndi wakuda, wobwera. Sindinamuseke, tonse tikudziwa kumene mantha amenewo amachokera ndipo nthawi zina amakhala ndi maziko. Ndinangomuuza kuti akafunse maso ndi maso kuti chifukwa chiyani iye ayi, ndipo asachoke asanamve yankho lomveka. Anakafunsa, anamuonetsa zithunzi zake, zonse zimagwirizana, panalibe chobisika choti MRI ikafufuze. Anapangidwa opaleshoni msanga kuposa ine.

Opaleshoni

Poti mabere anga ndi aakulu ndithu, anatha kuchotsa dera lonse pamodzi ndi kadontho kaja n'kukonza bere lotsalalo kuti likhale ndi maonekedwe, laling'ono kuposa kale koma langa. Anachotsanso tianabere tochepa kukhwapa kukayeza, tinalibe kanthu. M'mbali mwa nyama yochotsedwayo munali moyera, sindinabwererenso. Kenako radiotherapy, ndipo pano ndikumwa tamoxifen, mankhwala otsekereza mahomoni aja, tsiku lililonse, ndi kutentha thupi kwake usiku. La kumanja lili pompo, lili ndi kachipsera ka singano basi.

Msuweni wanga ku Lilongwe

Nditangochira, pa gulupu ya banja pa WhatsApp panabwera nkhani ya msuweni wanga, mwana wa amalume. Iye chotupa anakhala nacho nthawi yaitali osanena, pofika kuchipatala chinali chachikulu, khungu la bere litakhuthala, kukhwapa kuli mwanabere wogwirika. Achemwali anga aakulu, amene anali nane pafoni nthawi yonse ya matenda anga, ndi amene anayambitsa zosonkha. Analemba kuti mng'ono wathu anapulumuka chifukwa cha MRI, tisonkhe ndalama uyunso apite ku Johannesburg akajambulidwe asanamugwire ndi mpeni.

Anthu anayamba kulonjeza ndalama pompopompo, ndipo ine mtima unandiwawa chifukwa ndimadziwa kuti akuchita mwachikondi, komanso kuti nkhani yanga ndi imene yawasokoneza. Kwathu MRI si yachilendo kwenikweni, makina oyamba anafika ku Queens ku Blantyre mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. Koma kujambula bere kumafuna zake, maginito amphamvu, bedi lamabowo lija, munthu wozolowera kuwerenga zithunzi za mabere, ndi njira yobayira chilichonse chimene chaoneka. Ndipo olo zonsezo zitapezeka ku Johannesburg, funso langa linali lakuti zikasintha chiyani kwa iyeyu, nanga pasipoti, ulendo ndi kudikira zidya miyezi ingati chotupa chikukula.

Ndinamuimbira msuweni ndekha. Ndinati asuweni, mukapita kwa adokotala mukafunse funso limodzi ili, muti kodi nditajambulitsa MRI, inuyo musintha chiyani pa zimene mwakonza? Anakafunsa. Adokotala anamuyankha kuti palibe, bere lichoka lonse mulimonsemo chifukwa cha kukula kwa chotupa ndi khungu, chimene akufuna ndi zotsatira za kanyama, kuunika pachifuwa ndi m'mimba kuti aone ngati yafalikira, ndi kuyamba kemo msanga kuti chiphwe asanadule.

Ndinalemba zimenezi pa gulupu ndipo ndinapempha kuti ndalamazo zipite ku thiransipoti yopitira kuchipatala ulendo uliwonse wa kemo, chakudya, munthu womudikirira, ndi fizi ya ana ake nthawi imene sakupita ku msika. Amalume anavomera. Achemwali sanayankhe pa gulupu, anandiimbira, ndipo mawu awo anali olemera. Anati iwe unalowa m'makina kawiri konse kwa azungu uko, lero ukuti mnzako asalowe? Ndinayesa kufotokoza za kapangidwe ka khansa yanga, kuti ine funso linali loti bere lisungidwe kapena ayi pomwe kwa msuweni funso limenelo kulibe. Anati akumva, koma mumtima mwawo zikuoneka ngati wolemera akuuza wosauka kuti nyama siyofunika.

Mawu amenewo sindinawatsutse, chifukwa pansi pake pali choona chimene chimandiwawa inenso. Kusiyana kwa ine ndi msuweni wanga sikunayambire pa MRI. Kunayambira pa kadzenje kakang'ono kamene ine ndinakatengera kwa dokotala n'kuyezedwa zonse tsiku limodzi, pomwe iye chotupa chinakula akuopa mpeni, akuopa ndalama, akuopa zimene amuna ake anganene. Ndipo kwa zaka zambiri kwathu radiotherapy kunalibe, anthu amatumizidwa kunja, nde ngakhale wofika msanga kusunga bere kunali kovuta, poti kuchotsa chotupa chokha kumayendera limodzi ndi kuwotcha.

Msuweni ali pa kemo pano, tsitsi linathothoka, akuti chotupa chayamba kufewa ndipo opaleshoni akonza akamaliza. Achemwali ndi amene amamuperekeza ulendo uliwonse ndi ndalama zija. Ine ndi iwo timayankhulana bwinobwino, koma pa nkhani ya Johannesburg sitinagwirizanebe, akuti msuweni akadzachira adzapita nayebe kuti akalione bere linalo, ndipo ine ndawauza kuti ayambe afunsa adokotala ake ngati mammogram siyokwanira.